Makina Kaye, Asidi Pambuyo: Zimene Khungu Lakuda Limalola

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pali funso limodzi limene silisowa m'kachipinda kanga kosamaliramo khungu ku Lilongwe: "Asisi, simungandipangire zonse ziwiri lero lomwe?" Zonse ziwirizo ndi microdermabrasion, imene ambiri amangoti "makina aja", ndi chemical peel, imene timangoidula kuti peel. Ofunsawo amakhala ataona pa TikTok kapena pa Instagram mtsikana wa ku America akutuluka m'kiliniki nkhope ili phuliphuli, pansi pa kanemayo atalemba kuti ukaphatikiza njira ziwirizi zotsatira zimabwera msanga.

Sananame ayi. Kuphatikiza kumathandizadi, ndipo nanenso ndimachita. Koma ndisanagwire makina kapena botolo, ndimayamba ndaona khungu pa kuwala kwa pawindo, kenako ndimafunsa zimene munthuyo amadzola. Makina akadutsa pankhope, asidi amene dzulo anali wofatsa amalowa mozama kuposa mmene nambala ya pabotolo ikunenera. Ndipo khungu lathu lakudali likapwetekedwa, ngakhale pang'ono, limabwezera ndi kuda. Munthu wobwera kudzachotsa mawanga atatu akhoza kubwerera kwawo ndi tsaya lonse lakuda bii. Luso lonse la ntchito imeneyi lagona pa kudziwa polekezera.

Mmene khungu linapangidwira

Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa ka maselo akufa, osanjikizana mizere pafupifupi 15. Madokotala amakatcha stratum corneum. Pankhope n'kopyapyala kuposa tsitsi limodzi, koma ndi kamene kamatchinga kuti madzi asatuluke m'thupi komanso kuti zinthu za kunja zisalowe. Pansi pake pali maselo amoyo a epidermis. Amabadwira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pamatenga pafupifupi milungu inayi kuti selo latsopano lifike pamwamba n'kuthothoka. Kunsi kwa epidermis kumakhala maselo opanga melanin, amene amapatsa khungu mtundu wake. Ukapitirira pamenepo wafika mu dermis, mmene muli mitsempha ya magazi ndi collagen, ulusi umene umalimbitsa khungu.

Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti mzungu ndi munthu wakuda ali ndi maselo opanga melanin ochuluka pafupifupi mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti athu amagwira ntchito kwambiri, amapanga melanin wochuluka, ndipo sachedwa kudzuka. Chiphuphu, kulumidwa ndi udzudzu, kupsa ndi nthunzi ya nsima, chilichonse chotupitsa khungu chimawadzutsa. N'chifukwa chake chiphuphu chimapola pa mlungu umodzi koma chidontho chake chakuda chimakhala miyezi. Ambiri amene amagona pabedi langa ziphuphu zinawatha kale, chimene chikuwasowetsa mtendere ndi mapazi amene ziphuphuzo zinasiya.

Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, anakonza muyeso wogawa khungu malinga ndi mmene limapsera ndi dzuwa. Poyamba unali wa azungu okha, ndipo magulu a khungu loderapo ndi lakuda anawonjezedwa pambuyo pake mpaka magulu anakwana 6. Ambiri a ife tili m'gulu 5 kapena 6. Zimenezi zili ndi ntchito chifukwa njira zambiri zokonzera nkhope zinayesedwa poyamba pa khungu la gulu 1 mpaka 3, limene likapwetekedwa limafiira masiku angapo kenako n'kubwerera mwakale.

Zimene makina amachita

Microdermabrasion inayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1980. Makina oyambirira ankawaza timchenga ta aluminium oxide pakhungu mwamphamvu, nthawi yomweyo n'kumatiyamwanso pamodzi ndi maselo akufa. Amtunduwu alipobe, koma masaluni ambiri masiku ano, kuphatikizapo yanga, amagwiritsa ntchito kandodo kamene kunsonga kwake kuli tizidutswa ta dayamondi. Kandodoko kamalumikizidwa ku kapaipi koyamwa mpweya. Ukakakhazika patsaya, khungu limakokedwa pang'ono, ndipo ukamakayendetsa kamapala maselo akufa aja. Kasitomala amamva kukhakhala ndi kukoka, koma magazi satuluka, ndipo pakatha ntchito kasefa ka m'makina kamakhala kodzaza ndi fumbi lotuwa. Ndimakonda kuwaonetsa kasefako, ena amachita manyazi poganiza kuti ndi litsiro la kusasamba, pamene ndi khungu lakufa limene aliyense ali nalo.

Tisasokoneze ndi dermabrasion, opaleshoni imene dokotala wa ku New York, Abner Kurtin, anaitchukitsa mu 1953 pogwiritsa ntchito burashi ya waya yozungulira ndi mota. Imeneyo imafika mu dermis, imatulutsa magazi, ndipo ndi ya dokotala yekha.

Makina athu a m'saluni amathera pa kachikopa kapamwamba kaja. Nkhope imasalala, imawala, mafuta odzola amalowa bwino. Koma kunena chilungamo, paokha sachotsa mawanga okhazikika, ndipo timaenje timene ziphuphu zikuluzikulu zimasiya sakufika n'komwe. Wina akakulonjezani kuti makina okha afafaniza zipsera zozama, akufuna ndalama zanu basi.

Zimene asidi amachita

Peel ndi asidi wopakidwa pakhungu mwadala kuti awononge khungu lakale kufika pamlingo wosankhidwa, kuti latsopano limere. Si zachilendo. Dokotala wa ku Germany, Paul Gerson Unna, anafotokoza kale mu 1882 mmene salicylic acid, resorcinol, phenol ndi TCA zimasendera khungu. Mu 1974 Eugene Van Scott ndi Ruey Yu a ku America anaonetsa kuti gulu la ma asidi opezeka m'zipatso ndi mumkaka limamasula zomatira zimene zimagwirizanitsa maselo akufa. M'gulu limenelo muli glycolic acid, amene amapezeka mu nzimbe, lactic acid wa m'chambiko, ndi mandelic acid wochokera ku mtedza wowawa wa almond. Amene ali m'mabotolo athu amapangidwa m'fakitale ndipo mphamvu yake inayezedwa. Musati mumve za nzimbe ndi chambiko n'kuthamangira kukhitchini. Ndaonapo masaya oderatu chifukwa chopaka madzi a mandimu n'kupita padzuwa.

Ma asidiwa amasiyana khalidwe. Glycolic ali ndi tizidutswa tating'ono kwambiri mwa onse, choncho amalowa msanga, ndipo saleka yekha: umayenera kumuzimitsa ndi madzi osungunuliramo soda. Amapezeka pa mphamvu ya 20 mpaka 70 peresenti. Mandelic ali ndi tizidutswa tokulirapo, amalowa mwapang'onopang'ono, n'chifukwa chake timamukonda pa khungu lakuda. Salicylic, wa 20 kapena 30 peresenti, amasungunuka m'mafuta, ndiye amatha kutsikira m'timabowo ta khungu mmene ziphuphu zimayambira, komanso amachepetsa kutupa. Palinso msakanizo wa Jessner, mmene muli salicylic, lactic ndi resorcinol, aliyense 14 peresenti.

Ma peel amagawidwa patatu malinga ndi kuzama kwake. Apamwamba amathera mu epidermis. Apakati, monga TCA wa 35 peresenti, amafika kumtunda kwa dermis. Ozama, a phenol, amafika mkati mwa dermis, amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo amachitikira m'chipatala munthu atalumikizidwa ku makina oyeza mtima. Pa khungu lakuda phenol amatha kuyeretsa malo mpaka kalekale. Saluni iyenera kuthera pa gulu loyamba lija.

Dokotala wa khungu wa ku Los Angeles, Pearl Grimes, amene wagwira ntchito kwambiri pa khungu la anthu akuda, anafalitsa mu 1999 kafukufuku wa anthu 25 a khungu la gulu 5 ndi 6. Anawapaka salicylic wa 20 ndi 30 peresenti, milungu iwiri iliyonse, atayamba wawakonzekeretsa khungu kwa milungu iwiri. Ambiri anaona kusintha, ndipo mavuto anali ochepa komanso osakhalitsa. Phunziro limene ife a m'saluni tinatengapo ndi lomveka: asidi wofatsa, kangapo, khungu litakonzekeretsedwa.

Chimachitika n'chiyani ukaphatikiza

Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula ikagwa pa nthaka yolimba imangoyenderera, koma ikagwa pamene pagaulidwa imalowa pansi. Kachikopa kapamwamba kaja ndiko nthaka yolimbayo. Makina akakapala, asidi sapezanso chomuchedwetsa. Ubwino wake ulipo. Asidi amalowa mofanana pankhope ponse, popeza malo okhakhala asalazidwa, ndipo ukhoza kugwiritsa ntchito asidi wofooka n'kupeza zimene ukanazipeza ndi wamphamvu. Kuopsa kwake kuli pomwepo. Glycolic wa 30 peresenti pa khungu lopalidwa sachitanso ngati wa 30 peresenti, ndipo pamene kandodo kanadutsa kawiri kapena kanakanikizidwa kwambiri, asidi amalowa mozama kuposa pena paliponse. Zotsatira zake ndi mizere yakuda yotsatira njira imene kandodo kanayenda.

Pali njira ziwiri zophatikizira. Yoyamba ndi ya tsiku limodzi: makina kaye mopepuka, asidi wofooka pambuyo. Yachiwiri ndi yosinthanitsa: lero makina, pakapita milungu iwiri peel, kenako makina, choncho. Kwa munthu wakuda amene ndikumuona koyamba ndimasankha yachiwiri. Ya tsiku limodzi ndimaisungira amene khungu lawo ndalizolowera, amene anapangidwapo peel yokha n'kupola bwino popanda kuda. Kubweza dongosolo, kuyamba asidi n'kutsiriza ndi makina, sindichita n'komwe, chifukwa kupala khungu limene asidi walifewetsa kale n'kuliputa dala.

Mphindi zochepa za pabedi

Tiyerekeze kuti pabedi pagona mayi wa zaka za m'ma 30, wa khungu lamafuta ndi madontho akuda a ziphuphu m'masaya ndi pachibwano. Si koyamba kumuona: anapangidwapo kale peel yokha n'kupola bwino, ndipo milungu iwiri yapitayo ndinamupaka kadontho ka asidi kuseri kwa khutu, malowo sanade. Wakhala akudzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, ndipo analeka zokhulira nkhope ndi mafuta a retinol pafupifupi mlungu wathunthu.

Ndimamusambitsa nkhope, n'kuiumitsa. Makina ndimawatsitsa mphamvu yoyamwa, ndimakoka khungu ndi zala ziwiri kuti liwongoke, n'kudutsa kamodzi kokha, kuchokera pakati pa nkhope kupita kumbali. Chiphuphu chilichonse chamafinya ndimachilambalala. Kenako ndimapukuta nkhope ndi spiriti kuti mafuta achoke, n'kupaka Vaseline m'makona a maso, m'mbali mwa mphuno ndi m'makona a milomo, malo amene asidi amakonda kudikha. Asidi ndimayambira pachipumi, kumene khungu ndi lolimba, kutsikira m'masaya, pachibwano, n'kumalizira pamphuno. Wotchi imayamba kuwerenga pamene kaburashi kakhudza chipumi.

Apa ndi pamene khungu lakuda limafuna maso ena. M'mabuku ambiri ophunzitsira analemba kuti ukaona nkhope yafiira, zimitsa asidi. Pa nkhope ya mayi uyu kufiirako sikuoneka msanga. Ndiye ndimadalira pakamwa pake: "Mayi, kuluma kwake kuli pa nambala yanji, 1 mpaka 10?" Akati 3 kapena 4, zili bwino. Akafika pa 6, kapena akati pamalo pena pakuotcha kuposa ponse, ndimaleka pomwepo ngakhale wotchi isanakwane. Ndimayang'ananso kutuwa. Salicylic akamauma amasiya ufa woyera pamwamba, umene umachoka ukapukuta, ndipo suopsa. Koma kadera koyera kapena kotuwa kosachoka ukapukuta kamatanthauza kuti asidi waphika maselo amoyo. Pamenepo padzada ngati sipasamalidwa.

Amayi athu ambiri anaphunzitsidwa kupirira, ndipo ena amaganiza kuti kuwawa kwambiri ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Ndimawauziratu tisanayambe kuti pabedi langa palibe mphoto ya wopirira.

Amene ndimawabweza

Tsiku lina kunabwera mayi wina wovala bwino, nkhope yoyera mbee koma mfundo za zala zakuda. M'masaya mwake munkaoneka timitsempha tofiira, khungu lili lonyezimira ngati lonyowa. Nditafunsa zimene amadzola anati, "Aa, lotion wamba, asisi." Ndinamupempha kuti andionetse chithunzi cha botolo. Munali kirimu wogula pamsika, wosakaniza ndi kachubu ka clobetasol.

Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala amphamvu a steroid, amene dokotala amapereka kwa nthawi yochepa pa matenda ena a khungu. Munthu akawadzola miyezi kuti ayere, khungu limapyapyala, limang'ambika mizere, limatuluka ziphuphu, ndipo bala silipola msanga. Kuika makina ndi asidi pa khungu lotere n'kufuna kutsegula chilonda. Palinso hydroquinone. Madokotala amamulemba pa mlingo wa 2 mpaka 4 peresenti kwa miyezi yowerengeka, ndipo amathandiza pa mawanga. Koma womudzola zaka amatha kudwala ochronosis, mawanga akuda mobiriwira a m'masaya amene amavuta kwambiri kuchiza. Dokotala wa ku Pretoria, George Findlay, ndi anzake analemba za vutoli mu 1975 ataliona mwa amayi akuda a ku South Africa, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990. Mafuta ena oyeretsa amakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi minyewa.

Mayi uja ndinamuuza kuti sindimugwira, komanso kuti asaleke kirimu wake mwadzidzidzi payekha, chifukwa khungu lozolowera steroid limayaka moto likamanidwa kamodzin'kamodzi. Ndinamulozera ku kiliniki ya khungu. Zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zimaona odwala khungu, ndipo kumeneko n'kumene angamuthandize kusiya pang'onopang'ono. Anatuluka atakwiya. Sindinamuthamangire.

Alipo enanso amene ndimawauza kuti adikire kapena ayambe aonana ndi dokotala. Mayi woyembekezera, ngakhale atadetsedwa masaya ndi mawanga otchedwa melasma, amadikira mpaka atachira, popeza mawanga ambiri otere amazilala okha. Amene akumwa mankhwala a ziphuphu otchedwa isotretinoin kapena wangomaliza kumene, khungu lake limakhala louma ndi losalimba, ndipo madokotala akhala akulangiza kudikira miyezi 6. Amene amatuluka tizilonda ta pamilomo akadwala malungo kapena chimfine ayenera kudziwa kuti peel imatha kudzutsa kachilombo kake, ndiye amafunika mapiritsi a aciclovir ochokera kwa dokotala. Ndimayang'ananso makutu ndi pachifuwa: wokhala ndi chipsera chotupa pamene anabooledwa ndolo ndimamusamala kawiri. Ndipo nkhope yodzaza ziphuphu zamafinya siyenera makina, chifukwa kandodo kamaphulitsa mafinyawo n'kuwamwaza.

Abambo nawo amabwera, makamaka ovutika ndi tiziphuphu ta m'khosi ndi m'chibwano totuluka akameta ndevu. Tsitsi lathu lopotana likametedwa pafupi kwambiri limakhota n'kulowanso m'khungu. Salicylic kapena glycolic wofatsa amawathandiza, koma ndimawauza kuti asamete kwa tsiku limodzi kapena awiri asanabwere. Lezala nalo limapala khungu, ndiye munthu wongometa kumene amakhala ngati wapangidwa kale makina.

Ntchito yaikulu ili kunyumba

Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu nkhope imayamba kuuma ndi kufunduka, kuyambira mozungulira pakamwa. Ena safunduka moonekera, ndipo sizitanthauza kuti asidi sanagwire. Pakatha mlungu zimakhala zatha. M'masiku amenewa malamulo ndi ochepa: sopo wofatsa, mafuta ofewetsa opanda fungo, osakhula ndi chinkhupule kapena thaulo, osasenda timakungu ndi zikhadabo. Kakhungu kosendedwa nthawi isanakwane kamasiya chidontho chatsopano.

Lamulo lalikulu ndi dzuwa. Ambiri amaganiza kuti mafuta oteteza ku dzuwa ndi a azungu ndi abale athu achialubino okha. Melanin amatitetezadi kuti tisapse msanga, koma dzuwa ndi limene limadzutsa maselo opanga melanin aja, ndipo khungu longopalidwa kumene lilibe chotchinga. Pamafunika mafuta a SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse, n'kubwereza masana ngati munthu akuyenda panja, kuwonjezapo chipewa kapena ambulera. Pa khungu lakuda ngakhale kuwala wamba kooneka ndi maso kumadetsa mawanga, n'chifukwa chake mafuta okhala ndi mtundu, amene muli iron oxide, amathandiza kwambiri odwala melasma. Munthu wogulitsa pamsika kapena woyenda pa kabaza dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndimamulangiza kuti tidikire miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Amene wandiuza poyera kuti sadzadzola mafuta oteteza, ndimamuuza kuti asunge ndalama zake.

Kuona kusintha kwenikweni pa madontho a ziphuphu kumafuna maulendo 4 mpaka 6, motalikirana milungu iwiri mpaka inayi. Amene ali ndi tsiku lalikulu ayambe patatsala miyezi itatu, ndipo peel yomaliza ichitike patatsala milungu iwiri kapena kuposa. Melasma ndi yamakani: imazilala, koma imabwerera dzuwa likaipeza. Ndipo peel yochitidwa bwino imabwezera munthu mtundu wake wachibadwa, wofanana nkhope yonse. Siyeretsa munthu kuposa mmene anabadwira, ndipo amene akugulitsa peel ngati njira yoyeretsera khungu akulonjeza kukuotchani.

Musanagone pabedi la munthu

Masiku ano makina a dayamondi ndi mabotolo a asidi amagulidwa pa intaneti ndi aliyense. Mu Julayi 2024 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu kuti asagule ma peel amphamvu n'kumadzipaka okha kunyumba, chifukwa amatha kuotcha khungu, kusiya zipsera ndi kusintha mtundu wa khungu. Kuno kwathu bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limayang'anira mankhwala, ndipo Medical Council of Malawi imalembetsa madokotala, koma palibe amene adzaime pambali panu m'kachipinda ka saluni. Wodziteteza woyamba ndinu.

Funsani dzina la asidi ndi peresenti yake, ndipo muone botolo ndi maso anu. Lopanda chizindikiro, kapena "msakanizo wathu wapadera" wothiridwa m'kabotolo ka madzi, likaneni. Funsani ngati ayamba akuyesani kuseri kwa khutu. Funsani mmene amatsukira nsonga ya kandodo akachoka pa munthu wina kupita pa wina, komanso ngati kasefa amasintha. Onani ngati iwo akukufunsani za mimba, za mapiritsi ndi za mafuta amene mumadzola, ndipo mukafunsidwa nenani zoona zonse, ngakhale za kachubu kamene mumabisa m'chikwama. Pomaliza funsani kuti, "Nanga ndikapsa, mundichita chiyani, ndipo munditumiza kwa dokotala uti?" Wodziwa ntchito yake amayankha mafunso amenewa mosavuta, ndipo amakondwa kuti mwafunsa. Akayamba kuzemba kapena kukuuzani kuti musadandaule poti aliyense amapanga zomwezo, dzukani, valani nsapato, mupite kwanu nkhope yanu ili bwinobwino.